Dziwe la a Nathovu

Kunsi kwa sitandi ya kum'mawa kuli chipinda chimene masapota sachidziwa. Loweruka lililonse anthu zikwizikwi amakhala pamwamba pake, kupondaponda ndi kuimba, osadziwa kuti pansi pa mapazi awo pali mayi wina amene akupinda matawulo. Mayiyo osewera amawatcha a Nathovu. Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso cha ntchito, koma chiphasocho chinachapidwa kangapo chili m'thumba la epuloni, moti ngakhale mlonda wa pageti anasiya kuyesa kuliwerenga.

A Nathovu anafika pa kalabuyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zapitazo, potsatira amuna awo. Bamboyo anali telala wa timu, nthawi imene manambala a pa majezi ankadulidwa pa nsalu n'kusokereredwa. Iwo ankabwera kudzathandiza kusita. Kenako majezi anayamba kufika ndi manambala odindiratu, maso a telala nawo anachita ng'ala, ndiye bambo anabwerera kunyumba kukakhala ndi wailesi yawo. Mayi anatsala. Anapatsidwa makiyi a chipinda chochapira, makina atatu, tebulo lalitali ndi kawindo kamodzi kam'mwamba kamene kamalingana ndi nthaka ya kunja. Pakawindopo pamadutsa miyendo yokhayokha. A Nathovu amatha kudziwa amene wavulala, amene wakangana ndi mkazi wake ndi amene sayamba nawo masewero, pongoona kaponyedwe ka phazi.

Ali ndi chizolowezi chimodzi chimene anthu amaseka nacho. Akatseka makina, amakoka mpando n'kukhala kuyang'anitsitsa pagalasi lozungulira lija. Amati m'menemo mumaseweredwa mpira wabwino kuposa wa pabwalo. Nambala 9 imathamangitsa nambala 4, manja a jezi ya goloboyi amatambasuka kugwira sokosi, ndipo palibe woimba wezulo. Nthawi zina amaonamo osewera akalekale, ena amene tsopano ali ndi mimba zazikulu ndi magalimoto onyamula mchenga, ena amene anatisiya. Amadzidzimuka makina ataima kale.

Wosamalira kapinga wa pabwalopo ndi mlamu wawo, mng'ono wa amuna awo. Awiriwa akhala akulimbana kuyambira tsiku limene anayamba kugwira ntchito malo amodzi.

"Alamu, kapinga wanuyu mumamuthira utoto eti?" ankatero a Nathovu, atakweza kabudula m'mwamba. "Taonani matako awa. Ndichape ndi chiyani, mwala?"

"Muwauze ana anuwo azisewera choimirira," ankayankha alamu. "Anawanamiza ndani kuti mpira ndi wogona?"

Madzi ochapira ankatuluka ndi paipi n'kugwera mu ngalande ya kuseri kwa sitandi. Anali otuwa, onunkha mankhwala oyeretsera zovala, ndipo m'mbali mwa ngalandemo simunkamera ngakhale chisoso. Kukachita mphepo, thovu linkanyamuka, kudutsa mpanda, n'kumayandama pamwamba pa msewu ngati timitambo tosochera. A Nathovu ankaliona kukongola. Sanadzifunsepo kuti madziwo amakathera kuti.

Chaka china akuluakulu a kalabu analemba ntchito mayi wina wachitsikana woti aziona za chilengedwe. Anali wamfupi, woyenda mofulumira, wokonda nsapato za jombo ngakhale kunja kulibe matope. Ntchito yake yoyamba inali kuika mabini a mitundu itatu kuzungulira bwalo lonse, ndipo chifukwa ankawerama kutola botolo lililonse limene wakumana nalo, pasanathe sabata anthu anali atamutcha a Mabotolo. Padenga la sitandi panabwera mapanelo a sola. Makapu otaya anatha, kunabwera otsuka. Udzu umene alamu ankatchetcha n'kuwotcha unayamba kuunjikidwa pakona kuti uwole. A Nathovu ankaonera zonsezi pakawindo, akudziuza kuti mphepo imeneyi idutsa pamwamba.

Koma tsiku lina jombo zija zinaima pakawindo, kenako zinatsika masitepe.

"Odi, amayi. Ndimati ndione nawo madzi anu."

"Madzi anga? Mpopi ndi uwo, imwani."

A Mabotolo anaseka. "Ndikunena amene mumataya. Mukudziwa kuti pa sabata mumataya madzi okwanira kuthirira theka la bwalo?"

Anayala pepala pa tebulo lopindirapo zovala. Ngalande ija idzakumbidwa kukhala timaiwe titatu. M'koyamba mudzakhala miyala, m'kachiwiri mchenga ndi mabango, ndipo mizu ya mabango idzadya zonyansa zonse. Madzi akafika m'dziwe lachitatu adzakhala oyera, pampu n'kuwatumiza pa kapinga. Chofunika kwa amayi chinali chimodzi chokha: asinthe sopo, ndipo mankhwala oyeretsera aja asiye.

"Mwana wanga, timu iyi imavala makabudula oyera," anatero a Nathovu pang'onopang'ono. "Oyera, osati oyererako. Mabango anuwo adzachapa ndi iwo?"

"Tiyese kaye, amayi."

Anayesa. Anthu anakumba, mabango anabzalidwa, ndipo patatha miyezi iwiri kuseri kwa sitandi kunasintha. Fungo linatha. Madzi a m'dziwe lachitatu ankaonetsa mitambo. Kunabwera atombolombo ofiira, kenako achule, amene palibe anawaitana. A Mabotolo anaikamo tinsomba tating'ono toti tizidya mphutsi za udzudzu. A Nathovu anayamba kumatenga kapu yawo ya tiyi n'kukakhala pa mwala wa m'mphepete. Ankayang'ana madziwo n'kumaganiza kuti awa ndi thukuta la kaputeni, awo ndi misozi ya mwana uja anaphonya penate. Zonse zinkadutsa m'mabango n'kutuluka mbee, zopanda mwini. Ankamva ngati abereka mtsinje ku ukalamba.

Vuto linali makabudula. Sopo watsopano ankachotsa thukuta ndi matope, koma kapinga wa alamu ankasiya chithunzi chake. Sabata ndi sabata kuyera kunkazilala. Tsiku lina kochi anasuzumira pakhomo.

"Amayi, si kuti ndikudandaula ayi, koma anyamatawa akuoneka ngati agona paphulusa."

Loweruka limenelo timu inagonja, ndipo a Nathovu atafika kunyumba anapeza amuna awo atakhala pakhonde, wailesi ili pamiyendo, itazimitsidwa.

"Bwanji kodi, mabatire atha?"

"Ayi," anatero a telala. "Woulutsa mpira uja amaseka makabudula. Akuti mwina wochapa ali pa tchuthi."

A Nathovu analowa m'nyumba, anavula epuloni, anaipinda, anaifunyulula, anaipindanso. Zaka zonsezi dzina lawo linali lisanatchulidwepo pa wailesi, ndipo tsiku loyamba kuti dziko lidziwe kuti kuli munthu wochapa linali limeneli.

Masewero otsatira anali aakulu, oonetsedwa pa kanema. Kuseri kwa makina apakati kunali chigubu cha mankhwala akale chimene a Nathovu sanapereke tsiku limene zinazo zinkatengedwa. Lachisanu m'mawa, anthu asanachuluke, anachitulutsa. Anathira kapu imodzi. Anayang'ana mulu wa makabudula, anathira yachiwiri. Kenako anangopendeketsa chigubu chonse. Ankadziwa kumene paipi imapita. Anadziuza kuti dziwe ndi lalikulu, mabango ndi ambiri, kamodzi kokha sikangaphe kanthu.

Loweruka makabudula ankathobwa m'maso. Timu inapambana ndi zigoli ziwiri, sitandi inagwedezeka mpaka fumbi kugwera pa matawulo, ndipo kaputeni anatsika masitepe kudzawanyamula a Nathovu m'mwamba ngati chikho.

Lolemba anatenga kapu yawo ya tiyi kupita pa mwala. Asanafike n'komwe anamva kuti china chake chasowa. Kunali zii. Achule sankalira. Atayandikira anaona tinsomba tili chagada, mimba zoyera zikuyandama pakati pa mitambo ya m'madzi. Mbululu zinali zitaunjikana m'mphepete ngati masamba a tiyi otsala m'kapu. Mabango a m'dziwe lachiwiri anali atayamba chikasu kuchokera pansi. Alamu anali ataima tsidya lina, manja ali m'chiuno.

"Ndazimitsa pampu," anatero. "Pakona ya kumwera kapinga wapsa ngati pagwa simbi. Chalowa m'madzimu n'chiyani, mlamu?"

"Kaya," anatero a Nathovu. Tiyi anazizira m'manja.

Masiku atatu anagwira ntchito osakhala pa mpando wawo. Akayang'ana pagalasi la makina ankangoona timimba toyera tikuzungulira. Lachinayi anamva kwa mlonda kuti akuluakulu aitanitsa a Mabotolo. Ena ankati maiwe aja ndi masewera a ana, akwiriridwe, pamangidwe poimika magalimoto. Mayiyo akuti ankadziimba mlandu yekha, kuti mwina analakwitsa kayezedwe ka mchenga.

A Nathovu anatenga chigubu chopanda kanthu chija, anakwera masitepe amene sankawakwera kawirikawiri, mpaka ku kaofesi kodzaza mapepala ndi zitsanzo za makapu. Anachiika pa tebulo.

"Si mchenga wanu, mwana wanga. Ndine."

A Mabotolo anayang'ana chigubu, anayang'ana mayiwo. Maso awo anali ofiira.

"Chonsechi, amayi?"

"Chonse. Mpaka ndinachitsukuluza."

"Bwanji osandiuza kuti sopo uja akukanika?"

"Ndinakuuzani tsiku loyamba. Munati tiyese."

Kenako a Mabotolo anakoka mpando n'kuwapatsa. "Zoona, munanena. Ine ndimayeza madzi tsiku ndi tsiku, koma kabudula sindinamugwirepo ndi kamodzi komwe."

"Mukawauze akuluakuluwo kuti ndi ine. Akafuna makiyi, ndi awa."

"Makiyi sungani. Ndikawauza zimene zachitika, ndipo ndikawauzanso kuti vuto la makabudula ndi langa ndi inu. Koma tinsomba tija mukavuula ndinu."

A Nathovu anakativuuladi, ndi sefa ya kukhitchini ya osewera, masana dzuwa lili pamutu. Alamu anabwera ndi wilibala, ndipo anathandiza kuzula mabango akufa.

Lamlungu masana a Nathovu anawafotokozera amuna awo zonse. A telala anamvetsera atapendeketsa mutu monga amachitira ndi wailesi, zala zikuyenda pa mpendero wa malaya awo ngati zikufufuza ulusi wosomphoka.

"Mayi, mukadandifunsa," anatero. "Kumene ndinaphunzira utelala kunkabwera nsalu za madiresi a ukwati zitachita chikasu m'sitolo. Abwana athu analibe mankhwala. Tinkazinyika, kufinyirapo mandimu, n'kukaziyala pa udzu zili zonyowa. Pa chingwe ayi, pa udzu. Zikayamba kuuma, kuwazanso madzi. Dzuwa linkamaliza lokha. Mkwatibwi ankalowa m'tchalitchi anthu n'kumaphethira."

"Zaka zonsezi osanena?"

"Munandifunsa liti? Mumati ine ndimadziwa singano basi."

Udzu woti n'kuyalapo makabudula makumi atatu unalipo pamalo amodzi okha. A Nathovu anapita kwa alamu m'mawa mwake atanyamula beseni.

"Pa kapinga wanga?" anakuwa alamu. "Kochi amene ndimamuthamangitsa akaponda ndi nsapato za ku ofesi. Ndiye inu mukayanikepo zovala ngati pakhomo panu?"

"Kapinga wanuyo akumwa madzi a yani?"

"Madzi ake amene anamuwotcha aja?"

A Nathovu anaweramitsa mutu. Alamu anaona kuti mawuwo alasa kwambiri kuposa mmene amafunira. Anakanda m'khosi, anayang'ana kumwamba ngati akufunsa nzeru kwa mapanelo.

"Lolemba lokha, tsiku limene anyamata amapuma. Maola awiri. Ndipo muvule nsapato."

Anthu amene anafika molawirira Lolemba limenelo amaikambabe nkhaniyi. Bwalo lonse linali lopanda munthu, mipando zikwi zambiri ikuyang'ana pansi, mame asanaume. Pakati pake mayi mmodzi wopanda nsapato ankayenda ndi beseni pamutu, kuwerama, kuyala kabudula, kuyenda pang'ono, kuyala wina. Sanawayale m'mizere. Aliyense anamuika pamalo pamene mwini wake amasewera, oteteza kumbuyo, othamanga m'mbali, wogoletsa yekhayekha kutsogolo. Otsala anawayala m'mphepete mwa mzere ngati odikira kulowa. Fungo la mandimu linafika mpaka ku geti. Dzuwa litakwera pamwamba pa sitandi, nthunzi inayamba kufuka pa kabudula aliyense, ndipo a Nathovu anaima pakati pa bwalo ndi botolo lowazira madzi, akuona timu yawo ikupuma mpweya.

Makabudula sanayere tsiku lomwelo. Sabata yoyamba anangosinthako pang'ono, ndipo kochi anapukusa mutu. A Mabotolo anabwera ndi soda wonyikira, anakhala Lolemba lathunthu manja ali m'beseni mpaka zala kuchita makwinya. Anapezanso kuti kabudula akanyikidwa m'madzi ozizira masewero akangotha, kapinga sakhazikika. Ndiye anaika ndowa pakhomo la chipinda chosinthira zovala, osewera n'kumaponyamo okha. Pofika mwezi wachiwiri makabudula anayera. Sikunali kuyera kothobwa m'maso kuja, kunali kuyera kofatsa ngati kwa mkaka, ndipo nsalu inasiya kung'ambika msanga. Woulutsa mpira sananeneponso kanthu, ngakhale a telala ankatchera khutu Loweruka lililonse.

Akuluakulu anavomera kudikira nyengo imodzi asanakwirire maiwe. Mabango atsopano anaphuka. Tinsomba tinabwera ndi ndowa, koma achule anakana kwa miyezi inayi, ndipo a Nathovu ankakhala pa mwala opanda woyankhula nawo. Achulewo anadzabwera ndi mvula yoyamba, mmodzi kaye, wa mawu okhuthala ngati a mlonda, kenako abale ake onse. Nkhani ya poimika magalimoto sinamvekenso.

Chaka chotsatira mvula inavuta. Madzi a m'mipopi ankabwera masiku owerengeka, mabwalo a matimu ena anasanduka fumbi, koma la alamu linali lobiriwira, kupatula timadontho tochepa pagolo. Atolankhani anabwera kudzajambula mapanelo ndi mabini. Mmodzi anatsika masitepe n'kufunsa a Nathovu kuti akumva bwanji kukhala mbali ya ntchito yoteteza dziko.

"Ine ndimachapa, bambo," anatero. "Zinazo kafunseni mabango."

A Mabotolo anachoka patatha zaka zitatu, ataitanidwa ndi kalabu ina yaikulu. Anawasiyira a Nathovu jombo zawo, zimene zinawathina, ndi kabotolo koyezera madzi kamene mpaka lero amakagwiritsa ntchito Lachisanu lililonse.

Mwezi watha, Lachitatu lina, a Nathovu anabwera ndi amuna awo. Anawagwira pa chigongono kuchokera pa basi, kudutsa pageti, mpaka pa mwala. A telala anali atavala jekete. Anakhala pansi, ndodo pakati pa miyendo, n'kuyamba kutchula zimene akumva. Iyo ndi mpheta. Awo ndi anamzeze, akumwa chouluka. Icho ndi chipampu cha mng'ono wanga, chikufunika mafuta. Kuseri kwa khoma anyamata ankachita zokonzekera, kochi akukalipa.

Mwadzidzidzi mpira unadumpha khoma n'kugwera pakati pa mabango, madzi kuti thuvu. Posakhalitsa anatulukira goloboyi, chimunthu chachitali, magolovesi ali m'manja. Anapereka moni, anavula nsapato, analowa m'madzi mpaka m'mawondo. Anapatula mabango, anatambasula dzanja, kenako anaima chomwecho osasuntha.

"Wapondapo chiyani?" anafunsa a Nathovu.

"Amayi, bwerani mudzaone," ananong'ona. "Koma pang'onopang'ono."

Mpira unali utatsamira pa chisa. M'chisamo munali kabakha kam'tchire, kabulauni, kataphimba mazira, diso limodzi lili pa goloboyi, lina pa chinthu chachikulu chozungulira chimene chagwa kuchokera kumwamba. Sikanathawe. Kanangotambasula khosi, kujompha mpirawo kamodzi, n'kukhalanso bwino.

"Pali chiyani?" anafunsa a telala. "Ndiuzeni, inu a maso."

A Nathovu anawafotokozera zonse, mtundu wa nthenga, udzu wa chisa, ndi mmene chimunthu chija chinkabwerera chafutambuyo, mwendo umodzi umodzi, ngati chikuopa kudzutsa khanda.

Kochi anasuzumira pamwamba pa khoma. "Iwe, mpira uli kuti?"

"Uli ndi mwini wake, kochi," anayankha goloboyi akufinya masokosi. "Tengani wina. Uwu tidzaupeza akaswa."

A telala anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anafufuza dzanja la akazi awo, analipeza, lokhakhala ndi lonunkhira mandimu, ndipo anafunsa kuti mazira a bakha amatenga masiku angati. A Nathovu anati sakudziwa, koma akafunsa alamu.

"Ameneyo angakunamizeni," anatero a telala. "Tizingobwera Lachitatu lililonse, tidzamva tokha."